Kodi angandiletse kuyanika zovala pabwalo panga?

FUNSO: Ndinachoka ku Kasenengwa n'kumanga nyumba mu Chipata. Tsopano komiti ya dera lathu yalamula kuti tisamayanike zovala panja, ati zikunyazitsa malo. Kodi mphamvu zotere ali nazo, pabwalo langalanga? — Mayi wa ana anayi

YANKHO: Mayi, ngakhale kuti komiti ya anansi ndi yoyenera ulemu, pakuti mutu umodzi susenza denga, chigamulo chake sichisanduka lamulo pokhapokha ngati inu munachivomera posaina pangano, kapena chikalata cha malo anu chinena chomwecho, kapenanso khonsolo ya mzinda wa Chipata inachikhazikitsa mwa malamulo ake. Khonsolo imalowererapo, motsata lamulo la Public Health Act, pamene pali chovulaza thanzi la anthu, monga madzi ochapira akadikha pamsewu n'kubala udzudzu. Koma chitenje chouma padzuwa sichidwalitsa munthu.

Chitani izi:

1. Pemphani mwaulemu kuti akuonetseni lamulolo lolembedwa, ndi amene analikhazikitsa.
2. Werenganinso zikalata za malo anu. Amene achita lendi awerenge pangano lawo ndi mwini nyumba.
3. Mangani chingwe kuseri, ndipo zovala zamkati zisaonekere kwa odutsa, monga mwambo wathu unenera.
4. Musayanike pansi kapena paudzu, pamene ntchentche zobala mphutsi pakhungu zimaikira mazira; ndipo mukaanula zovalazo, zisiteni.

Akakulipiritsani ndalama, akadula chingwe kapena kulanda zovala, musabwezere choipa. Kadandauleni kwa khansala wanu, ndipo zikakanika, pitani ku ofesi ya Legal Aid Board mu Chipata kapena ku Local Court.