Mnyamata wanu akupita ku Box 2

Zikomo mayi athu a kwa Malemia chifukwa cha kalata yanu. Mukuti mwana wanu wasankhidwa kupita ku Zomba Catholic, kumene amati ku Box 2, kwa a Marist Brothers, ndiye tulo lakusowani. Mayi, khazikitsani mtima pansi. Kumeneko belu ndiye mfumu: kudzuka mbandakucha, kusamba madzi ozizira aja a ku Zomba, mapemphero, kalasi, madzulo kuwerenga. Nsima ya nyemba adzaizolowera. Mumulongedzere neti, chidebe, bulangete lochindikala ndi loko wa sutikesi. Chimanga chokazinga ndi mtedza musaiwale, njala ya usiku ilibe ulemu. Sabata zoyamba adzalira, nafenso tinalira titafunda kumutu. Koma akadzangoti anyamata akuluakulu akumuchapitsa malaya awo, musazengereze, kwerani minibasi mukaonane ndi aphunzitsi oyang'anira hositelo.