Kulera kagalu pakhomo pamene pali kale galu wamkulu

M'midzi ndi m'matauni a boma lino, galu ndi mlonda amene mabanja ambiri amadalira. Amateteza mbuzi kwa afisi, amathamangitsa anyani m'munda, ndipo usiku amadzutsa eni nyumba akamva mgugu wachilendo. Galu wa pakhomo akayamba kukalamba, eni ake amapempha kagalu kwa anansi kuti kadzalowe m'malo mwake. Nzeru imeneyi ndi yabwino, koma kaleredwe ka kagaluko m'miyezi itatu yoyamba ndi kamene kamasiyanitsa mlonda wodalirika ndi chilombo choluma ana a sukulu panjira. Phunziro lino likufotokoza zoyenera kuchita m'miyezi imeneyi, ndi momwe agalu awiri angakhalire pakhomo limodzi mwamtendere.

Mmera mpoyamba

Mu 1965, akatswiri awiri a ku America, John Paul Scott ndi John Fuller, anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa zaka zambiri amene anachitira ku Bar Harbor. Iwo anapeza kuti kagalu kamazolowera anthu ndi nyama zina mosavuta kuyambira pa masabata 3 mpaka pafupifupi 12 chibadwire. Ofufuza ena pamalo omwewo anaona kuti tiagalu timene sitinakhudzidwe ndi munthu mpaka masabata 14 tinakula tamantha ngati nyama zakutchire, ndipo kutiweta kunali kovuta kwambiri. Tanthauzo lake ndi lakuti zimene kagalu kaona ndi kumva mwamtendere m'nyengo imeneyi kamazitenga ngati za masiku onse, koma zimene sikanakumane nazo kamadzaziopa kakakula.

Komabe si bwino kukachotsa msanga kwa mayi wake. Kagalu kayenera kukwanitsa masabata 8 kasanapite kwa mbuye watsopano. Posewera ndi abale ake, kakaluma mwamphamvu mnzake amalira ndi kusiya masewerawo, ndipo umu ndi momwe kamaphunzirira kuchepetsa mphamvu ya mano ake. Motero mwini galu amatsala ndi mwezi umodzi wokha wa nyengo yofewayi, ndipo sayenera kuuwononga.

M'mwezi umenewu kagalu kaonane ndi ana, agogo oyenda ndi ndodo, amayi osenza mtolo wa nkhuni ndi abambo ovala chipewa. Kamve kulira kwa njinga yamoto, ngolo ndi chigayo kali pataliko. Kaone nkhuku ndi mbuzi kali pachingwe, ndipo kakakhala phee osazithamangitsa kapatsidwe kachakudya. Kakaonetsa mantha, monga kupinda mchira kapena kubisala, kasakakamizidwe; kabwezedwe m'mbuyo pang'ono ndi kuyesanso tsiku lina. Ana aphunzitsidwe kusakakoka mchira ndi kusakasokoneza kakamadya kapena kugona. Poti katemera wake amakhala asanakwane, kasasiyidwe pansi pamalo poyenda agalu osadziwika, chifukwa matenda a parvo, otsekula m'mimba magazi, amafala kudzera m'ndowe ndipo amapha tiagalu tambiri. Kukanyamula m'manja popita kumsika wa pafupi ndi kokwanira kuti kaone dziko.

Pali chikhulupiriro chakuti galu amakhala wolusa akamatsekeredwa m'kakhola kamdima usana wonse, osaona munthu. Galu wotero amalusadi, koma chifukwa cha mantha, ndipo sasiyanitsa wakuba ndi mwana wa mnansi wobwera kudzapala moto. Galu wozolowera moyo wa pamudzi ndiye amazindikira chachilendo, ndipo akauwa usiku eni nyumba amadziwa kuti galu wamkota sakandira pachabe.

Tsiku lokumana ndi galu wamkulu

Galu wamkulu amaona bwalo, mbale ndi pogona ngati zake. Choncho agalu awiriwa akumane koyamba kunja kwa mpanda, pamalo poyera pamene si pa aliyense, ndipo pakhale anthu awiri, aliyense atagwira chingwe chake mosakoka. Ayende limodzi motalikirana, kenako aloledwe kununkhizana kwa kanthawi kochepa, ndipo zikayenda bwino alowe pakhomo pamodzi. Izi zichitike pokhapokha galu wamkuluyo ali wathanzi ndi wobayitsa katemera.

M'masabata oyamba galu wamkulu amatha kuonetsa mano kapena kukalipa kagalu kakamamuvuta. Ili ndi langizo, ndipo sayenera kumenyedwa chifukwa cha ilo, popeza galu wolangidwa pochenjeza amaphunzira kuluma mosachenjeza. Choopsa ndi pamene wauma thupi, ubweya wa pamsana waima, akuyang'anitsitsa kagaluko kapena kukalondola kakamathawa. Zikatero asiyanitsidwe msanga ndi kuyambanso pang'onopang'ono. Mpaka atazolowerana, asasiyidwe okha popanda wowayang'anira. Akayamba kumenyana, munthu asalowetsepo dzanja. Awathire madzi kapena aike thabwa pakati pawo.

Ndewu zambiri zimayambira pa chakudya. Galu aliyense akhale ndi mbale yake, motalikirana, ndi pogona pake. Fupa limodzi pakati pa agalu awiri ndi chiyambi cha nkhondo. Galu wamkulu asaiwalidwe chifukwa cha kukongola kwa mlendoyo: apitirize kulandira chakudya ndi chikondi monga kale. Kagalu nakonso kakhale ndi nthawi yake kokha ndi eni nyumba tsiku lililonse, kuphunzira dzina lake ndi kubwera kakaitanidwa. Kupanda kutero kamamvera galu mnzake yekha, ndipo kamatengera makhalidwe ake onse, abwino ndi oipa omwe.

Mtengo wa agalu awiri

Agalu awiri amalimbitsana mtima. Chimene mmodzi akanangochiuwa, awiri amachithamangitsa, ndipo mbuzi ya mnansi ikaphedwa kapena wakabaza akagwetsedwa, mlandu umapita kwa amfumu ndipo wolipira ndi mwini agalu. Mpanda wolimba ndi wotsika mtengo kuposa chindapusa.

Chakudya nachonso chimafunika chowirikiza. Nsima ya gaga yokha sikwanira kagalu kamene kakukula. Pafunika kusakaniza usipa kapena bonya, dzira lophika kapena soya wophika, ndipo kadye katatu kapena kanayi patsiku. Mafupa a nkhuku ophika amasweka ndi kubaya m'mimba, choncho asaperekedwe. Madzi oyera asasowe. Mankhwala a njoka za m'mimba, utitiri ndi nkhupakupa aperekedwe kwa agalu onse nthawi imodzi, motsatira malangizo a alangizi a ziweto. Ngati mmodzi ndi wamphongo wina wamkazi, banja lidziwe kuti wamkazi angatenge bere kuyambira pa miyezi 6, amabereka patatha masiku pafupifupi 63, ndipo angatero kawiri pachaka. Kuthena ndi kutseketsa kumapewa tiagalu tosowa mwini timene timadzadzaza misika. Mabungwe monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amagwira ntchito imeneyi.

Katemera wa chiwewe

Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, makamaka mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amachitenga kwa agalu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikayamba kuoneka, wodwala sachira. Koma agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera chaka ndi chaka, matendawa amaleka kufala. Izi ndi zotheka kuno kwathu: mu 2015 bungwe la Mission Rabies ndi anzake anabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito. Kagalu kabayidwe pofika miyezi itatu, ndipo kampeni ya katemera ikafika m'mudzi agalu onse awiri apite, ngakhale kamng'onoko. Apa mpamene kaleredwe kamaonekeranso phindu, chifukwa galu wozolowera kugwiridwa ndi chingwe amafika pamalo a katemera mosavuta, pamene wamantha amathawira kutchire ndi kutsala wosatetezedwa.

Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono. Galu wolumayo atsekeredwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, ndipo alangizi a ziweto adziwitsidwe. Mayiko anagwirizana zothetsa imfa za chiwewe chochokera kwa agalu pofika 2030, ndipo pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko limakumbukira nkhondo imeneyi.

Zokambirana pa msonkhano wa VDC

1. Kodi m'mudzi muno muli agalu angati, nanga ndi angati amene ali ndi chiphaso cha katemera wa chaka chino?
2. Kodi ana a sukulu akudziwa choyamba kuchita akalumidwa ndi galu?
3. Kodi mudzi ungagwirizane zotani ndi amfumu pa za agalu oyendayenda ndi tiagalu tosowa mwini?