Ulendo wa ku Asia: zakudya, malo okaona ndi kudzisamala kwa eni

Muulutsi: Sabata ino makalata ambiri afunsa za maulendo a ku Asia, ndipo muno ndili ndi mayi amene ntchito yawo ndi kukonzera anthu maulendo otere.

Katswiri: Tiyeni tiwamve eni mafunsowo.

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Area 25 mu Lilongwe. Akuti iwo ndi amuna awo akhala akusunga ndalama kuti akapumeko ku Thailand. Akufunsa kuti nyengo yabwino ndi iti, nanga ayambire pati?

Katswiri: Mayi, yambani mwatulutsa pasipoti n'kuona tsiku limene ikutha. Maiko ambiri a ku Asia amafuna kuti ikhale itatsala ndi miyezi 6 kapena kuposerapo. Kenako fufuzani za viza musanalipire tikiti, chifukwa malamulo ake amasinthasintha. Ambiri ochokera kuno amakwera ndege pa Kamuzu kapena pa Chileka n'kukasintha ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Dziwani kuti Ethiopia ndi Kenya ali m'gulu la maiko okhala ndi matenda a yellow fever, choncho mukadzera kumeneko, makamaka mukakhalitsa pabwalo la ndege, a ku Thailand ndi India angakufunseni kabuku kachikasu ka katemera. Bayitsani kusanatsale masiku 10 kuti munyamuke. Katemerayu ndi wa kamodzi moyo wonse.

Kunena za nyengo, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale kumakhala kozizirirako ndipo mvula ndi yochepa. Epulo ndi wotentha koopsa, ndipo pa 13 mpaka 15 amakondwerera chaka chawo chatsopano, Songkran, pothirana madzi m'misewu. Mvula imalimbika kuyambira cha m'Meyi mpaka Okutobala, koma nthawi imeneyo mahotela amatsikako mtengo. Kwacha simungakaisinthe kumeneko. Pitani kubanki msanga ndi tikiti ndi pasipoti mukagule madola, poti amavuta kupeza, ndipo musankhe osang'ambika komanso osalembedwalembedwa. Osintha ndalama ku Bangkok amakana akutha, ndipo pepala la madola 100 amalisintha pamtengo wabwinoko kusiyana ndi timapepala ting'onoting'ono.

Muulutsi: Achimwene ena a ku Ndirande, amenenso akupita ku Thailand, akuti iwo tsiku lopanda nsima amagona ngati sanadye. Akuopa tsabola, akuopanso kutsegula m'mimba. Kodi anyamule ufa?

Katswiri: Achimwene, ufawo usiyeni kunyumba. Mwalipira ndalama zambiri kuti mukaone dziko la eni, ndipo mbali yaikulu ya dziko la Thailand ili m'mbale. Chakudya chawo chenicheni ndi mpunga, choncho njala simugona nayo. Tsiku loyamba itanitsani khao man gai, nkhuku yowiritsa yoikidwa pa mpunga wophikira mu msuzi wa nkhuku yomweyo. Tsabola wake amabwera pambali, mumathira nokha. Khao pad ndi mpunga wokazinga ndi dzira. Pad thai ndi tizingwe ta ufa wa mpunga tokazinga, towazidwa mtedza wosinja ndi madzi a mandimu. Lilime likazolowera, yesani tom yum, msuzi wowawasa ndi wotentha ndi tsabola, komanso som tam, papaya wosapsa wosendedwa n'kusinjidwa mu kamtondo pamodzi ndi tsabola, adyo, tomato ndi mandimu, inu mukuonerera. Ameneyo ngwowawa zedi. Mukanena kuti "mai phet" wophikayo amadziwa kuti simukufuna tsabola. Ndipo musabwerere musanalawe mango akupsa odyera mpunga womata wothira mkaka wa kokonati.

Za m'mimbazo, ndikupatseni njira yosankhira pokadyera. Madzulo pitani ku Yaowarat, msewu waukulu wa dera la Matchaina mu Bangkok. Mudzaona ngolo zophikirapo zitandandalika, moto ukulilima pansi pa chiwaya, wophika akutembenuza chakudya osapumira. Imani kaye muone. Pamene pali mzere wa eni dziko, amayi ochokera kuntchito ndi ana asukulu, pamenepo chakudya sichigona. Chimene chachoka pamoto inu mukuona n'chotetezeka kuposa chimene chakhala pambale kuyambira m'mawa, ngakhale mu hotela yodula. Madzi imwani a m'botolo losatsegulidwa, chipatso sendani nokha, ndipo m'chikwama mukhale timapaketi ta Thanzi. Amene mtedza kapena nkhanu zimawadwalitsa auze a kuhotela awalembere zimenezo papepala m'chinenero cha komweko, azionetsa asanaitanitse chakudya. Patebulo, anthu a ku Thailand amadyera supuni. Foloko ntchito yake ndi kukankhira chakudya pasupuni, siipita kukamwa.

Muulutsi: Aphunzitsi ena a ku Zomba ali ndi masiku anayi okha mu Bangkok. Akuti awalembere malo onse ofunika kuti asaphonye ngakhale amodzi.

Katswiri: Aphunzitsi, ndikupemphani kuti mndandandawo muufupikitse. Bangkok ndi yotentha, magalimoto amathinana, ndipo amene akuthamangira malo khumi patsiku amabwerako ndi zithunzi ndi kutopa basi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lililonse likhale ndi chinthu chimodzi chachikulu.

Tsiku loyamba lawirirani ku Grand Palace, nyumba yachifumu imene Mfumu Rama I inayamba kumanga mu 1782 pamene inakhazikitsa likulu lake ku Bangkok. Amatsegula 8:30 m'mawa, ndipo ndi bwino kufika nthawi yomweyo dzuwa lisanakwere. M'kati mwake muli kachisi wa Wat Phra Kaew, wolemekezeka kuposa onse m'dzikomo. Mukatuluka, yendani pang'ono kufika ku Wat Pho kumene kuli chifanizo cha Buddha atagona chammbali, chotalika mamita 46, chokutidwa ndi golide. Pitani kumapazi ake mukaone zithunzi 108 zokongoletsedwa ndi zigoba zonyezimira za m'nyanja. Kuchoka apo, kaboti ka ndalama zochepa kamakuwolotsani mtsinje wa Chao Phraya kukafika ku Wat Arun, nsanja imene anaimata ndi tizidutswa ta mbale zadothi. Muli patali mumaona ngati maluwa osema, mukayandikira m'pamene mumazindikira kuti ndi mbale.

Tsiku lina kwerani sitima kupita ku Ayutthaya, makilomita pafupifupi 80 kumpoto. Unali likulu la dzikolo kwa zaka zoposa 400 mpaka asilikali a ku Burma atauwotcha mu 1767. Pa Wat Mahathat pali mutu wa chifanizo umene mizu ya mtengo inaukulunga. Ngati masiku anu akugwera Loweruka kapena Lamlungu, msika wa Chatuchak muli masitolo masauzande ambiri, ndipo sitima yam'mwamba ya BTS imakutulani pa Mo Chit, pafupi pomwepo. Tsiku lachinayi lisiyeni lopanda dongosolo, mubwerere kumene mtima wakonda.

Tsopano mvetsetsani izi. M'makachisi amabweza ovala kabudula, siketi yaifupi kapena malaya opanda manja. Nsapato mumavula pakhomo. Mukakhala pansi, mapazi asaloze chifanizo kapena munthu, ndipo musagwire munthu kumutu, ngakhale mwana. Amayi sakhudza ansembe achibuda ovala nsalu zachikasu aja. Za mfumu ndi banja lake musanene chonyoza ngakhale mocheza, pakuti lamulo lawo limalola kumanga munthu mpaka zaka 15 pamlandu umenewu. Ndalama ikagwa musaiponde, ili ndi nkhope ya mfumu. Nthawi ya 8 m'mawa ndi 6 madzulo nyimbo ya fuko imalira m'masiteshoni ndi m'mapaki, anthu n'kuima chilili. Inunso imani.

Chenjerani ndi munthu waulemu, wovala bwino, amene angakuimitseni pafupi ndi Grand Palace n'kunena kuti lero atseka, koma ali ndi mnzake wa tuk-tuk woti akuyendetseni motchipa. Ulendo umenewo umakathera m'sitolo ya miyala yonamizira kuti ndi yamtengo wapatali kapena kwa telala. Thokozani, pitirirani, mukadzionere nokha pachipata. Mu takisi uzani dalaivala ayatse mita, akakana tsikani, kapena itanitsani galimoto pafoni kudzera pa Grab. Zikavuta, apolisi othandiza alendo nambala yawo ndi 1155.

Muulutsi: Bambo ena a ku Mangochi akuti iwo ndi Asilamu, ndipo akufuna dziko limene banja lonse lingakadye mosakayika.

Katswiri: Bambo, ganizirani za Malaysia. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndipo nthambi ya boma yotchedwa JAKIM ndiyo imapereka chizindikiro cha halaal chimene mumachiona pakhomo la malo odyera. M'misika ikuluikulu ndi pabwalo la ndege muli zipinda zoswaliramo. Mu Kuala Lumpur pitani ku Kampung Baru, mudzi wakale wa Amalay umene uli pakati pa nyumba zosanjikizana, mukadye nasi lemak: mpunga wophikira mkaka wa kokonati, tinsomba touma tonga usipa, mtedza wokazinga, dzira, nkhaka ndi tsabola wosinja. Msewu wa Jalan Alor ndi wotchuka ndi alendo, koma ambiri ophika kumeneko amagwiritsa ntchito nkhumba, choncho funsani musanakhale pansi. Safunsa anadya phula. Ana mukawaonetse nsanja ziwiri za Petronas, zotalika mamita 452, zimene zinali zazitali kuposa nyumba zonse padziko kuyambira 1998 mpaka 2004. Pa Batu Caves, kachisi wa Ahindu wa m'phanga, mumakwera masitepe 272. Anyani a pamenepo amatsomphola chakudya m'manja, ndiye chibiseni m'chikwama.

Muulutsi: Mayi ena a geni a ku Limbe amapita ku Guangzhou kukaoda katundu, koma akuti amangodziwa msika ndi hotela. Ulendo uno akufuna apatule tsiku limodzi.

Katswiri: Mwaganiza bwino mayi. Mzinda umenewo wakhala ukuchita malonda ndi alendo kwa zaka mazanamazana, ndipo ndi wachisoni kuuona pa makatoni pokha. M'mawa lowani m'nyumba ya tiyi mukadye dim sum, tizakudya ting'onoting'ono tophikidwa ndi nthunzi m'timadengu tansungwi. Wina akakuthirirani tiyi, gogodani tebulo pang'ono ndi zala ziwiri, ndiko kuthokoza kwawo. Timitengo todyera musatizike chilili mu mpunga, chifukwa zimenezo zimawakumbutsa zofukiza za pamaliro. Masana kayendeni pachilumba cha Shamian, pansi pa mitengo ndi nyumba zakale zimene Angelezi ndi Afalansa anamanga. Usiku kwerani boti pamtsinje wa Pearl muone nsanja ya Canton, yotalika pafupifupi mamita 600, ikusinthasintha mitundu ya magetsi. Kwa amene akupita koyamba, WhatsApp, Facebook ndi Google sizigwira pa intaneti ya ku China, ndipo pafupifupi aliyense amalipira pafoni ndi WeChat kapena Alipay. Ikani zimenezi mufoni musananyamuke, ndipo achibale muwauziretu mmene mudzalankhulirane. Pewani masabata a chionetsero cha zamalonda cha Canton Fair, cha mu Epulo ndi Okutobala, poti mahotela amakwera mtengo.

Muulutsi: Mwachidule mayi, achemwali ena aperekeza wodwala ku Delhi ndipo wodwalayo akupeza bwino. Kodi Taj Mahal n'kutali?

Katswiri: Tithokoze kuti wodwalayo akuchira. Taj Mahal ili ku Agra, makilomita 200 ndi kanthu kuchokera ku Delhi, ndipo sitima ya Gatimaan Express imafika maola awiri asanakwane. Mfumu Shah Jahan inaimanga ngati manda a mkazi wake Mumtaz Mahal amene anamwalira mu 1631. Lachisanu satsegulira alendo, ndiye musapite tsiku limenelo. Fikani m'mamawa anthu asanachuluke, ndipo wodwalayo apite pokhapokha adokotala atavomereza. Pogula zakudya za m'mapaketi, kadontho kobiriwira kakutanthauza kuti mulibe nyama.

Muulutsi: Uthenga womaliza ndi wa mnyamata wa ku Mzuzu. Akuti munthu amene anadziwana naye pa Facebook walonjeza kumulipirira tikiti ndi hotela kuti akaone Singapore, bola amunyamulire kachikwama kamphatso. Avomere?

Katswiri: Mwana wanga, kana, ndipo kana lero lomwe. Palibe amene amawononga ndalama za tikiti ya ku Asia pofuna kutumiza mphatso yoti akanaitumiza pa mtengo wochepa. Umu ndi mmene ozembetsa mankhwala osokoneza bongo amakolera achinyamata. Ku Singapore, munthu wopezeka akuzembetsa chamba choposa magalamu 500 kapena heroin woposa magalamu 15 angathe kuweruzidwa kuti aphedwe, ndipo China ndi Indonesia nawonso amapereka chilango cha imfa pa milandu yotere. Pabwalo la ndege chikwama chimene wanyamula ndi chako, ndipo mawu oti sindinadziwe savuta kunena koma amavuta kutsimikizira. Wokutumayo foni yake idzakhala itazimitsidwa. Izi ndikuuzanso akuluakulu: katundu wanu longedzani nokha, ndipo phukusi limene simunalitsegule musalinyamule, ngakhale likhale la wachibale. Mankhwala a kuchipatala akhale m'mabokosi ake pamodzi ndi kalata ya dokotala. Iwe mnyamata, sunga ndalama zako pang'onopang'ono ngati mmene achitira mayi a ku Area 25 aja. Singapore sithawa, udzaipeza, ndipo udzabwerako pa tsiku limene walemba pa tikiti yako.

Muulutsi: Nthawi yatithera, koma makalata otsalawa, kuphatikizapo ofunsa za Dubai ndi Zanzibar, tidzawayankha sabata yamawa nthawi ngati yomweyino. Pitirizani kutilembera.