Malangizo: Lata latsopano lioneke lachikale

Kwathu kuno lata lonyezimira ndi ulemu wa nyumba, koma eni ena a malo odyera ndi ogona alendo amafuna zosiyana: lata looneka ngati ladya mvula zaka zambiri, loti akongoletsere kauntala kapena chikwangwani. Amisiri, tcherani khutu.

Lata latsopano silichita dzimbiri msanga chifukwa amalikuta ndi zinc. Ntchito yoyamba ndi kuchepetsa chokutiracho. Litsukeni ndi sopo kuti mafuta achoke, mulipale ndi sandpaper, kenako muyalepo nsanza zoviika mu viniga usiku wonse. Kukacha likhala lotuwa, kuwala kutatha. Kwa ine kukongola kwake n'komweko, mutha kulekera pomwepa.

Ofuna dzimbiri lofiirira, sakanizani magawo 8 a hydrogen peroxide wa 3 peresenti, wa ku famase uja, ndi gawo limodzi la viniga, muthiremo mchere pang'ono. Wazani lata lili padzuwa. Pomwe zinc wachoka, dzimbiri limabwera mukuona. Musawaze mofanana paliponse ayi. Lata lakale limadyeka kwambiri m'mphepete ndi pamabowo a misomali.

Chitani zimenezi panja, mutavala magolovesi ndi magalasi. Viniga asakumane ndi Jik, mpweya wake ndi poizoni. Musaotche lata pofuna kufulumira, utsi wa zinc umadwalitsa.

Mukakhutira, litsukeni ndi madzi a soda, liume, mupake vanishi wosawala kuti dzimbiri lisadetse zovala za makasitomala. Lata lotere musafolere nyumba, silichedwa kudontha.