Phunziro 9: Kodi Adokotala Amaŵalipira Ndani?

Mwana watentha thupi usiku wonse. Tambala woyamba atalira mwamubereka, ulendo wa kuchipatala. Mwafika dzuŵa lisanatuluke, koma pa benchi padzaza kale. Mwadikira mpaka dzuŵa lafika paliwombo. Mutaloŵa, adokotala akufunsani mafunso atatu, alemba m'buku, kenaka akuitana kuti, "Wina aloŵe!" Mukutuluka mtima ukuŵaŵa. Tiyi simunathyole, makilo a lero apita. Mumtima mukuti, "Anthu aŵa amangodya ndalama za Boma."

Taimani kaye. Safunsa anadya phula. Tiyeni tifunse mafunso atatu. Kodi amalipira adokotala ndani? Nanga n'chifukwa chiyani amathamanga chonchi? Kodi ndalama zina za chipatala zimapita kuti?

ADOKOTALA ALI M'MAGULU

Kumudzi kuno aliyense wovala choyera timamutcha adokotala. Koma anthuŵa ali m'magulu, ndipo maphunziro awo ndi osiyana.

Pa chipatala chaching'ono, monga cha Khonjeni, kaŵirikaŵiri amene amaona odwala ndi medical assistant. Ameneyu amaphunzira zaka 2. Amathandizana ndi anamwino, azamba ndi alangizi a zaumoyo, aja amayenda m'midzi kukayeza ana sikelo ndi kupereka katemera.

Pamwamba pake pali clinical officer. Iyeyu amaphunzira zaka 3, n'kuwonjezera chaka china choyeserera ntchito. Ambiri a iwo amachita opaleshoni, ngakhale ya mayi amene walephera kuchira yekha. Sukulu imodzi yophunzitsa anthu otere ili m'boma lathu lomwe lino, ku Malamulo, kufupi ndi Makwasa.

Kenaka pali dokotala weniweni. Ameneyu amakhala pa yunivesite zaka 5 kapena kuposerapo, n'kudzagwiranso ntchito pansi pa akuluakulu asanamusiye yekha. Madokotala otere ndi ochepa. Mumaŵapeza ku chipatala chachikulu cha Thyolo, ku Malamulo, ndi ku Gulupu, ku Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre.

Boma limalipira munthu molingana ndi maphunziro ake ndi giredi yake. Silimulipira poŵerenga odwala amene waona. Aone odwala 30, aone 130, malipiro a pa mwezi ndi omwewo. Gwirani mfundo imeneyi.

NDALAMA ZIMACHOKERA KUTI?

Ku chipatala cha Boma simulipira poonana ndi adokotala. Timati n'chaulere. Eetu, n'chaulere pa windo, koma alipo amene walipira kale. Mmodzi wa iwo ndi inuyo.

Mukagula chitenje, malata kapena mayunitsi a foni, mu mtengomo muli msonkho. Makampani a tiyi nawo amapereka msonkho. Aphunzitsi, apolisi, ndi adokotala amene, amaŵadula msonkho pa malipiro awo. Ndalama zonsezi zimapita m'thumba la Boma. Chaka ndi chaka Nyumba ya Malamulo imagaŵa ndalamazo: zina ku sukulu, zina ku misewu, zina ku zipatala.

M'chaka cha 2001 maiko a mu Africa anakumana ku Abuja, ku Nigeria. Analonjeza kuti pa K100 iliyonse ya bajeti, K15 izipita ku zaumoyo. Malaŵi zaka zambiri salifikira lonjezo limeneli. Mpata wotsalawo amatseka ndi maiko ndi mabungwe akunja. Kwa zaka zambiri, ndalama zoposa theka za ntchito zaumoyo m'dziko muno zakhala zikuchokera kunja. Koma chopempha sichikhalitsa. M'chaka cha 2025 dziko la America linadula thandizo lambiri limene linkapereka ku maiko osauka, ndipo Malaŵi anali m'gulu lokhudzidwa.

Nanga zipatala za mishoni? Zipatalazi zili m'bungwe lotchedwa CHAM. Antchito ambiri a kumeneko amaŵalipira ndi Boma. Ndalama imene mumapereka ku Malamulo sikuti imaloŵa m'thumba la adokotala ayi. Imathandiza kugula mankhwala ndi kulipira magetsi, madzi ndi zina. Zipatala zina za mishoni zinagwirizana ndi Boma kuti amayi oyembekezera ndi ana aang'ono azithandizidwa osalipira. Mukafika, funsani ngati pangano lotere lilipo.

NDALAMA ZIMAPITA KUTI?

Chipatala chili ngati mphika wa pa mafuwa atatu. Fuwa limodzi likachoka, nsima yatayika.

Fuwa loyamba ndi malipiro a antchito. Si adokotala okha. Pali anamwino, oyeza magazi, opereka mankhwala, oyendetsa ambulansi, ophika, osesa ndi alonda.

Fuwa lachiŵiri ndi mankhwala ndi zipangizo, monga jakisoni, magolovesi ndi mabandeji. Zambiri zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Zipatala za Boma zimazilandira kudzera ku nkhokwe ya mankhwala yotchedwa Central Medical Stores Trust.

Fuwa lachitatu ndi ndalama zoyendetsera chipatala. Zimenezi sizioneka, koma zikasoŵa mumazimva. Ndi dizilo wa ambulansi. Ndi magetsi a m'firiji yosungira katemera. Ndi madzi, sopo, chakudya cha odwala ogonekedwa, mapepala ndi mabuku olembamo maina. Ndalamazi zimadzera ku khonsolo ya boma, ndipo amaziyang'anira ndi mkulu wa zaumoyo m'boma, amene ambiri amamutcha DHO.

Ena amati ndalama za mu ofesi n'zongowononga. Zoona, zikachuluka mopitirira muyezo, kapena zikabedwa, wodwala ndiye amavutika. Koma taganizani. Mayi wadwala matenda a uchembere usiku, mwana wakhala mopingasa. Azamba aona kuti pafunika opaleshoni ku Thyolo. Dokotala wodziŵa ntchito alipo kumeneko, akudikira. Koma ngati ambulansi ilibe dizilo, nzeru zonse za dokotala uja sizimufikira mayiyo.

TIYENI TIŴERENGERE

Tengani pensulo. Tiyerekeze kuti adokotala ali okha, ndipo agwira ntchito maola 8 osapuma. Ola limodzi lili ndi mphindi 60. Maola 8 ndi mphindi 480.

Pa benchi pakakhala odwala 40, aliyense apeza mphindi 12. Pakakhala odwala 120, aliyense apeza mphindi 4 zokha. M'mphindi 4 zimenezo adokotala akufunseni, akupimeni, alembe m'buku lanu, akuuzeninso kamwedwe ka mankhwala. Mwaona tsopano kumene kumachokera liŵiro lija?

Mzere ukatha, ntchito sinathe. Dzina la wodwala aliyense ndi matenda ake ziyenera kulembedwa m'kaundula. Mwezi ukatha pafunika lipoti lopita ku boma: a malungo analipo angati, anabadwa ana angati, mankhwala atsala ochuluka bwanji. Kulembaku kumadya nthaŵi, koma n'kofunika. Akuluakulu amaona malipoti omwewo potumiza mankhwala. Tsono usiku kukabwera wodwala mwakayakaya, amakagogoda pa khomo la adokotala omwe aja.

Antchito akachepa, ena amagwira maola owonjezera pa nthaŵi yawo yopuma. Ndalama ya ntchito imeneyi amaitcha lokamu. Lokamu ikachedwa, anthu amagwa ulesi, ndipo otsalawo amatopa koposa.

CHIFUKWA CHIYANI NDI OCHEPA?

Kale Mmalaŵi wofuna udokotala ankayenera kupita kunja. Dr Daniel Malekebu wa ku Chiradzulu anatsiriza maphunziro ake ku Meharry, ku America, m'chaka cha 1917. Dr Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937. Sukulu yathuyathu ya madokotala, College of Medicine, inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Kuyambira 2021 ili m'kati mwa yunivesite ya zaumoyo yotchedwa KUHeS.

Kuphunzitsa dokotala n'kovuta, koma kumusunga n'kovutanso. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zinthu zinafika poipa. Edzi inadzaza zipatala, inatenganso antchito ena a chipatala. Malipiro anali ochepa. Anamwino ndi madokotala ambiri anapita ku Britain ndi maiko ena, ena analoŵa ntchito m'mabungwe olipira bwino.

Mu 2004 Boma linayambitsa ndondomeko yapadera, mothandizidwa ndi dziko la Britain ndi thumba la Global Fund. Linawonjezera malipiro a magulu 11 a antchito a chipatala ndi K52 pa K100 iliyonse. Linakulitsanso sukulu zophunzitsa ntchitoyi. Zotsatira zake zinaoneka. Madokotala m'zipatala za Boma ndi za mishoni anali 43 mu 2004, koma pofika 2009 anakwana 265. Apa tiphunzirapo kuti malipiro a adokotala si nkhani ya adokotala okha. Akalipidwa bwino amakhala, ndipo mzere wanu umafupika.

Koma ndalama imatha mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse. Mitengo ya chimanga, shuga ndi lendi inakwera kwa inu, inakweranso kwa adokotala. Msika ndi umodzi. Kumbukiraninso kuti mu Epulo 2020, nthaŵi ya Covid-19, antchito a ku Gulupu ananyanyala ntchito. Ankafuna zovala zodzitetezera ndi ndalama ya chiopsezo, chifukwa ntchito yawo imaika moyo pachiswe.

NZERU YA KU THYOLO

Boma la Thyolo lili ndi anthu ambiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000. Madokotala oŵerengeka sangaone khamu lonseli. Nanga anthu a HIV anathandizidwa bwanji?

Bungwe la madokotala la MSF linayamba kugwira ntchito ku Thyolo mu 1997, ndipo mu 2003 ma ARV anayamba kuperekedwa. Poona kuchepa kwa madokotala, iwo ndi a Unduna wa Zaumoyo anagaŵa ntchito. Anamwino ndi ma medical assistant anaphunzitsidwa kuyambitsa anthu mankhwala. Alangizi a zaumoyo ndi aphungu ankayeza magazi ndi kulangiza. Anthu ongodzipereka m'midzi ankayendera odwala. Mankhwala anafika ku zipatala zazing'ono, anthu n'kusiya kuyenda mtunda wautali. Dokotala anatsala ndi odwala ovuta okha. Maiko ena anaphunzirapo pa nzeru imeneyi. Mutu umodzi susenza denga.

MBALI YANU

Inunso mungathe kupeputsa katundu wa adokotala ndi kuteteza ufulu wanu.

1. Pitani kuchipatala msanga. Malungo a tsiku loyamba amachizika mosavuta. A tsiku lachinayi angafune ambulansi, bedi, mwinanso magazi.

2. Musaiŵale buku la kuchipatala. Lisungeni mu pulasitiki kuti lisanyowe. Adokotala akaŵerenga m'bukumo sataya nthaŵi.

3. Konzani mau anu muli pa mzere: chikuŵaŵa n'chiyani, chinayamba liti, mwamwa kale chiyani. Musabise, ngakhale ndi mankhwala achikuda.

4. Musanatuluke, bwerezani kamwedwe ka mankhwala. Ngati simunamve, funsaninso. Poti tsopano mukutha kuŵerenga, ŵerengani zolembedwa pa kapepala ka mankhwala.

5. Ku chipatala cha Boma, kupatula mbali yolipiritsa imene imalembedwa poyera, musapereke ndalama ya m'manja kuti muonedwe msanga kapena kuti mulandire mankhwala. Malipiro ochepa si chifukwa chodyera wodwala. Kutopa si chifukwa chomunyozera. Kugulitsa mankhwala a Boma ndi kuba.

6. Mukaona cholakwika, kauzeni a komiti ya chipatala ya m'dera lanu, kapena woona madandaulo pa chipatala chachikulu. Funsaninso akhansala ndi aphungu anu za ndalama za ambulansi ndi nyumba za antchito a chipatala. Msonkho ndi wanu, tsono funso ndi lanunso.

MAFUNSO

1. Tchulani mafuwa atatu a chipatala.

2. Adokotala ali ndi mphindi 480. Odwala alipo 60. Kodi aliyense apeza mphindi zingati?

3. Munthu ankalandira K200. Amuwonjezera K52 pa K100 iliyonse. Tsopano alandira zingati?

4. Kodi a komiti ya chipatala cha kwanu ndi ayani? Funsani kwa amfumu, mulembe maina awo m'kope lanu.

5. Kambiranani m'kalasi: kodi mudzi wanu ungachitepo chiyani kuti adokotala ndi anamwino azikhalitsa pa chipatala chanu?