PHUNZIRO 7: KODI MANKHWALA A KHUNYU ANGACHIZE CHIBABA CHA KOKENI?

Cholinga cha phunziro

Tikufuna kudziwa zimene madokotala anapeza atayesa mankhwala a khunyu pa anthu amene anagwidwa ukapolo ndi kokeni, kuti tisanamizidwe ndiponso tisaike moyo wa abale athu pa chiswe.

Kokeni ndi chiyani?

Kokeni ndi ufa woyera wopangidwa kuchokera ku masamba a chitsamba chotchedwa koka, chimene chimalimidwa kwambiri ku Colombia, Peru ndi Bolivia. Kwathu kuno kokeni si wofala ngati chamba kapena kachasu, koma malamulo athu amamuletsa, ndipo apolisi akhala akugwira anthu ali naye pa bwalo la ndege.

Mu bongo mwathu muli dopamine, amene amatichititsa kumva kukoma tikadya bwino kapena tikakondwa. Kokeni amatseka njira imene dopamine amabwerera m'malo mwake, motero amachuluka mopitirira muyeso. Munthu amasangalala kanthawi kochepa, kenaka amafooka, amakhumudwa, nkuyamba kufuna wina. Ichi ndiye chibaba, ndipo ndi matenda enieni.

Nanga mankhwala a khunyu akulowapo bwanji?

Khunyu, kapena kuti matenda akugwa, imabwera pamene mitsempha ya mu bongo yachita phokoso lopitirira. Mankhwala a khunyu amakhazika pansi mitsemphayo. Popeza kokeni nayenso amadzutsa bongo, mpaka ena amakomoka naye, madokotala anaganiza kuti mwina mankhwala omwewa angaziziritse chibaba. Anayesa carbamazepine, phenytoin, gabapentin, lamotrigine, topiramate, vigabatrin ndi ena.

Zimene anapeza

Mu 2015 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo, linaika pamodzi kafukufuku 20 wokhudza anthu 2,068. Ena analandira mankhwala enieni, ena mapiritsi opanda mankhwala. Umboni wakuti mankhwala a khunyu amathandiza munthu kusiya kokeni sunapezeke. Kafukufuku wina anaonetsa kuti topiramate angathandizeko ena, koma kafukufuku winanso sanatsimikize zimenezi. Ngakhale ku America, bungwe la boma loona za mankhwala la FDA silinavomereze mankhwala alionse ochizira ukapolo wa kokeni.

Kuopsa kwake

Carbamazepine ndi phenytoin timawadziwa, chifukwa ndi ena mwa mankhwala amene odwala khunyu amalandira ku zipatala zathu. Wina atangomva mphekesera, angathe kutapa mapiritsi a mwana wodwala khunyu nkupatsa mnyamata wa chibaba. Apa avulaza anthu awiri:

1. Wodwala khunyu akadukiza mankhwala, akhoza kukomoka motsatizana, kugwera pamoto kapena m'madzi, ngakhale kufa kumene.
2. Womwa popanda dokotala akhoza kumva chizungulire ndi tulo. Carbamazepine nthawi zina amatulutsa zilonda zoopsa pakhungu, ndiponso amachepetsa mphamvu ya ma ARV ena monga dolutegravir. Vigabatrin amatha kuononga maso.

Chimene chimathandiza

Njira zimene zaonetsa zipatso ndi izi: uphungu wophunzitsa munthu kuzindikira anzake, malo ndi maganizo amene amadzutsa chibaba, ndi kuzipewa; kupereka kamphotho nthawi iliyonse mkodzo wake ukayezedwa nkupezeka wopanda kokeni; ndi magulu a anthu amene akulimbana ndi vuto lomweli. Thandizo la matenda a ukapolo wa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo limapezeka ku chipatala cha Zomba Mental ndi kwa a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Tingayambire pa chipatala cha boma lathu.

Munthu akabwerera ku kokeni atasiya, tisamutaye. Zimachitika kwa ambiri, ndipo ayenera kubwerera ku chithandizo. Udindo wathu ndi kumuperekeza, osati kumupangira mankhwala.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Chifukwa chiyani madokotala anayesa mankhwala a khunyu, ndipo anapeza chiyani?
2. Kodi m'mudzi mwathu anthu amabwerekana mapiritsi? Tingathetse bwanji khalidweli?
3. Banja limene mwana wake wagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo tingalithandize bwanji popanda kulinyoza?