Kukulungana ndi pulasitiki m'masewera a chikondi: malangizo oteteza moyo

Pali anthu okwatirana ndi ena okondana amene amasangalala ndi masewera omangana. Mmodzi amalola kuti manja kapena miyendo yake isagwedezeke kwa kanthawi, winayo n'kumamusamalira ndi kumusangalatsa. Ena mwa iwo sagwiritsa ntchito chingwe, amasankha pulasitiki yopyapyala yokutira chakudya ija, yomwe m'masitolo amalemba kuti cling film. Amaikonda chifukwa ndi yotchipa, siifuna luso lomanga mfundo, ndipo imakumbatira thupi lonse mofanana. Koma kuoneka kofewa kwa pulasitikiyi kumanyenga. Ikazungulira thupi kangapo munthu sangaidule yekha, siilola thukuta kuuma, ndipo ikafika pamphuno ndi pakamwa imapha m'mphindi zochepa. Malangizo awa ndi a akuluakulu, a zaka 18 kapena kuposerapo, amene onse awiri afuna masewerawa mwa iwo okha. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti wokulunga mnzake wanyamula moyo wa mnzakeyo m'manja mwake, kuyambira pulasitiki ikangokhudza khungu mpaka itachotsedwa yonse.

1. Kambiranani masana, musanalowe kuchipinda

Nkhaniyi ikambidwe mitu ili bwino, osati chilakolako chitakwera kale. Wokulungidwayo anene ziwalo zimene akulola kuti zikulungidwe, kumene akufuna kukhudzidwa ndi kumene sakufuna, komanso utali wa nthawi. Ngati wina akuvomera chifukwa choopa kukwiyitsa mwamuna kapena mkazi wake, kapena poopa kusiyidwa, kumeneko si kuvomera. Ukwati suchotsa ufulu wokana, ndipo amene wavomera poyamba ali ndi ufulu wosintha maganizo pakati pa masewera. Kumanga munthu amene sakufuna ndi nkhanza. Ku Malawi kuli lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ndipo ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza ochitiridwa zotere. Okhala ku England ndi Wales adziwenso kuti lamulo la Domestic Abuse Act la 2021 limanena kuti munthu sangadziteteze m'khoti ponena kuti mnzake anavomera kuvulazidwa kwambiri pa zogonana.

Mugwirizanenso za mafoni. Munthu womangidwa sangadzibise kapena kulanda foni, choncho asajambulidwe ngati sanalole yekha asanamangidwe.

2. Onani ngati thupi lingapirire

Uzanani za matenda mosabisa. Masewerawa si oyenera munthu wa mphumu, matenda a mtima, BP yosakhazikika, khunyu, sickle cell, kapena amene magazi ake anaundanapo m'mitsempha ya m'miyendo. Mayi woyembekezera asakulungidwe. Wodwala shuga asamale kwambiri, popeza ena amakhala ndi dzanzi kumapazi kale ndipo sangamve kuti china chalakwika. Amene wangochira malungo kapena kutsegula m'mimba adikire, chifukwa thupi lake lili ndi madzi ochepa. Pali anthunso amene amachita mantha aakulu akakhala pamalo opanikiza, ndipo ena amazindikira izi atamangidwa kale.

Mowa, chamba ndi mankhwala ogonetsa zisakhalepo kwa onse awiri. Woledzera samva ululu msanga, amatha kusanza ali chagada, ndipo womusamalira akaledzera saona zizindikiro zangozi.

3. Sankhani mawu ndi chizindikiro choimitsira

Ambiri amagwiritsa ntchito mitundu ya magetsi a pamsewu. Wokulungidwa akati "chobiriwira" ndiye kuti zonse zili bwino, "chachikasu" ndiye kuti muchepetse kapena mukonze penapake, "chofiira" ndiye kuti muleke ndi kudula pulasitiki nthawi yomweyo. Mawu amatha kusowa munthu akachita mantha kapena akayamba kufooka, choncho pakhalenso chizindikiro cha thupi. Mupatseni makiyi kapena kabelu m'dzanja. Akataya, dulani osafunsa kawiri. Akasiya kuyankha, kapena akuyankha zosamveka, muwerenge ngati wanena "chofiira".

4. Konzani zipangizo, sizasi ikhale yoyamba

Musatsegule pulasitiki musanaike sizasi pamalo amene dzanja lanu lingafike muli pomwepo. Yabwino ndi sizasi yodulira mabandeji, yokhala ndi nsonga yobuntha yomwe imatsetsereka pakhungu osabaya; imapezeka m'mafamase ndi m'mabokosi a chithandizo choyamba. Mpeni, lezala ndi sizasi yosongoka n'zoopsa, chifukwa pa ngozi manja amanjenjemera ndipo pulasitiki imakhala itamatirira pakhungu. Yesani sizasiyo pa pulasitiki yopindidwa kangapo kuti mutsimikize kuti ikudula, ndipo mukhale ndi ina yapadera.

Pulasitiki yake ikhale yokutira chakudya. Ina ija yokulungira katundu m'mafakitale ndi m'malo osungira katundu ndi yokhuthala komanso yolimba, ndipo ikakokedwa imapitiriza kubwerera, kotero kuti imafinya thupi kuposa mmene munaiikira. Oyamba kumene aipewe. Tepi yomata isakhudze khungu kapena tsitsi.

Konzaninso madzi akumwa ndi kapaipi komwera, mataulo ang'onoang'ono, pilo, bulangete, wotchi, ndi tochi yoti ikuthandizeni magetsi akazima. Foni ikhale ndi moto. Dziwiranitu chipatala chapafupi ndi mmene mungafikireko usiku. Ku Britain nambala yangozi ndi 999, ku South Africa pa foni ya m'manja ndi 112.

5. Konzani malo, ndipo ganizirani za kutentha

Yalani matiresi pansi. Munthu amene manja ake amangidwa akagwa pabedi kapena ali chilili, sangatchinjirize mutu. Chotsani makandulo, mbaula ndi chilichonse chotentha, pakuti pulasitiki imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Mukakhoma chitseko, kiyi akhale pachitseko pomwepo.

Thupi limadziziziritsa thukuta likamauma pakhungu. M'kati mwa pulasitiki thukuta limangodzaza osauma, ndiye kutentha kwa thupi kumakwera pang'onopang'ono kuchoka pa madigiri 37 a masiku onse. Kukadutsa 40, ubongo ndi impso zimakhala pangozi. N'chifukwa chake nyengo ndi yofunika. M'nyumba ya malata mu Okutobala kapena Novembala, makamaka kumadera otentha ngati Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, musakulunge thupi lonse. Sankhani nthawi yozizira, tsegulani zenera kuseri kwa katani, ndipo musadalire fani, chifukwa mphepo yake siifika pakhungu lokutidwa. Musanayambe, wokulungidwa amwe madzi, akodze, ndipo asakhale atangodya kwambiri.

6. Yambani pang'ono

Tsiku loyamba kulungani chiwalo chimodzi chokha, monga manja awiri kutsogolo kapena miyendo kuyambira m'ntchafu mpaka pamwamba pa akakolo, kwa mphindi 10 kapena 15. Mukatero mudzadziwa mmene khungu ndi mtima zikulandirira, ndipo wodula adzaphunzira kudula mosathamanga. Vulani mphete, zibangili, wotchi ndi ndolo musanayambe, popeza zala zimatha kutupa.

7. Kakulungidwe kake

Ikani thaulo lopinda pakati pa mawondo ndi pakati pa akakolo, komanso pakati pa chigongono ndi nthiti. Mafupa akakanikizana kwa nthawi amapweteka ndipo amafinya mitsempha.

Zunguliritsani pulasitiki ili yotambasuka, mukuiyala osati kuikoka. Imamatirirana yokha, choncho kuzunguliza kawiri kapena katatu n'kokwanira. Ikapotokana n'kukhala ngati chingwe imaluma khungu pamalo amodzi; pamenepo dulani, muyambirenso. Mukamaliza, zala zanu ziwiri zizitha kulowa pansi pa m'mphepete mwake.

Siyani zikhatho ndi mapazi panja. Ndi pomwe mudzaonera mmene magazi akuyendera.

Samalani malo atatu amene mitsempha yomvera ili pafupi ndi khungu: kunja kwa mkono pakati pa phewa ndi chigongono, m'kati mwa chigongono, ndi kunja kwa bondo cha m'munsi pang'ono. Mitsempha imeneyi ikafinyika, dzanja kapena phazi limatha kulendewera osadzuka kwa milungu kapena miyezi, ndipo nthawi zina izi zimachitika popanda ululu wochenjeza.

Ngati mwafika pokulunga chifuwa, mnzanuyo akoke mpweya wambiri ndi kuugwira pamene mukuzunguliza, kenako apume, ndipo ayesenso kukoka mpweya wodzaza. Akalephera, pulasitiki yathina. Mimba nayo imafunika malo popuma, ndiye musathinitse chifuwa ndi mimba pamodzi. Pulasitiki ilekere m'munsi mwa mapewa.

Musakulunge miyendo munthu ali chiimire. Yambani kumtunda, mumukhazike, mumugoneke, kenako mumalize miyendo. Agone chagada mutu ndi mapewa zili papilo, kapena cham'mbali. Asagone chafufumimba, chifukwa kulemera kwa thupi pachifuwa chomangidwa kumatsekereza kupuma mwakachetechete. Pa chifukwa chomwecho, musamukhalire kapena kumugonera pachifuwa ndi pamimba.

8. Malire osadumphika

Pulasitiki isafike kumaso, pamphuno, pakamwa kapena pakhosi, ngakhale mutaboola timabowo. Timabowo timasuntha, thukuta ndi malovu zimatitseka, ndipo pulasitiki imayamwika kulowa m'mphuno munthu akakoka mpweya. Ubongo ukasowa mpweya umayamba kuwonongeka pakangotha mphindi pafupifupi 4, ndipo munthu amatha kukomoka asanapereke chizindikiro chilichonse. Palibe njira yotetezeka yosewera ndi mpweya wa munthu.

Musatseke pakamwa ndi nsalu kapena china chilichonse. Wokulungidwa akasanza pakamwa pali potseka, masanzi amalowa m'mapapo.

Musamusiye yekha, ngakhale kungopita kukatenga madzi kapena kukayankha wogogoda. Ngati mukuyenera kutuluka, yambani mwamumasula. Munthu asadzikulungenso yekha popanda womuyang'anira.

Ganiziraninso za inu wokulunga. Mutadwala mwadzidzidzi, mnzanuyo angatani? N'kwanzeru kusiya dzanja limodzi loti lingafikire sizasi kapena foni.

Pomaliza, pulasitiki yokutira chakudya si kondomu. Siiteteza ku mimba, HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana. Ngati masewerawa akuphatikizapo kugonana, dzitetezeni monga mwa nthawi zonse.

9. Yang'anirani mphindi zisanu zilizonse

Lankhulani naye, mumve mmene akuyankhira. Gwirani zala za kumanja ndi kumapazi, zikhale zofunda. Dinani chikhadabo mpaka chiyere, n'kuchisiya: mtundu wake ubwerere pasanathe masekondi awiri. Pakhungu lakuda kusintha kwa mtundu sikuoneka msanga, choncho yang'anani zikhadabo, zikhatho ndi m'kati mwa milomo. Muuzeni afinye zala zanu, adzutse chala chachikulu, agwedeze mapazi. Mumwetseni madzi pang'onopang'ono mutu uli wodzuka.

Dulani nthawi yomweyo mukaona chimodzi mwa izi: dzanzi, kuyabwa ngati akubayidwa ndi singano, zala zozizira kapena zofooka, kupuma mothamanga kapena movutikira, chizungulire, mutu, nseru, kukokana kwa minofu, kusokonezeka polankhula, mantha kapena kulira kumene simunagwirizane. Musayese kumunyengerera kuti apirire pang'ono. Ngakhale zonse zikuoneka bwino, oyamba kumene asapitirire theka la ola thupi lonse lili lokulungidwa, ndipo kukatentha nthawiyo ichepe kwambiri.

10. Kumasula

Yambani ndi chifuwa kuti apume momasuka, kenako manja, miyendo pomaliza. Lowetsani zala zanu pansi pa pulasitiki, muinyamule, sizasi idutse pamwamba pa zalazo. Dulani motsata mbali ya thupi, kutali ndi mabere ndi ziwalo zobisika. Asatambasule manja ndi miyendo mwamphamvu; aziwongola yekha pang'onopang'ono, akhale tsonga kaye, aime pambuyo pake inu mutamugwira, chifukwa ambiri amachita chizungulire akadzuka msanga.

Pulasitiki ikangochoka, thukuta lonse lija limauma nthawi imodzi ndipo munthu amayamba kunjenjemera. Mupukuteni, mumufunditse, mumupatse madzi. Ngati watuluka thukuta lambiri, Thanzi ORS imathandiza kubwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi. Koma ngati thupi lake likutentha kwambiri ndipo wasokonezeka, musamufunditse: muthireni madzi ozizira, mumukupize, muthamange naye kuchipatala.

11. Nthawi yopita kuchipatala

Pitani msanga ngati anakomoka ngakhale pang'ono, ngati akumva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, ngati mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, ngati mkodzo wada kwambiri kapena sukubwera, kapena ngati dzanja kapena phazi lafooka. Dzanzi losatha pakapita maola angapo nalonso lionedwe ndi dokotala. Akakomoka koma akupuma, mugonekeni cham'mbali. Akasiya kupuma, itanani thandizo ndipo yambani kukanikiza pakati pa chifuwa mwamphamvu, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Kuchipatala nenani zoona: chiwalo chimene chinamangidwa, ndi chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji. Manyazi akachedwetsa chithandizo, mtengo wake ungakhale chilema kapena maliro.

12. Kusamalirana pambuyo pake

Khalani limodzi kwa kanthawi. Ena amafuna kukumbatiridwa, ena amafuna bata, ena amalira popanda chowapweteka. Maganizo amatha kutsika tsiku lotsatira, kwa wokulungidwa ngakhalenso kwa wokulunga, choncho funsanani m'mawa mwake. Kambiranani chimene chinakoma, chimene chinaopsa ndi chimene musinthe. Wina akanena kuti sakufunanso, nkhaniyo ithere pomwepo popanda kumunyoza. Pulasitiki yogwiritsidwa ntchito muikulunge ndi kuitaya pamalo amene ana ndi ziweto sangaipeze, ndipo mpukutu wotsalawo ndi sizasi musunge pamalo okhoma.

Ngati pali chimodzi mwa izi chimene simungakwanitse lero, kaya ndi sizasi yoyenera, chipinda chozizira, mutu wopanda mowa kapena mnzanu amene wavomera ndi mtima wonse, musakulungane lero.